Cabernet kapena Shiraz: akusankha ndani?

Pali mafunso ena aang'ono amene amachititsa chibwibwi ngakhale munthu wa digiri. Limodzi mwa mafunso otere ndi lakuti, "Mumwa Cabernet kapena Shiraz?" Limabwera pa madyerero a ukwati, pa chakudya chamadzulo cha kuntchito, kapena tsiku limene abwana akuitanirani kunyumba kwawo mutangolembedwa kumene ntchito. Ambiri timayankha mothamanga poopa kuoneka achimidzi. Wina amatchula dzina limene analimva mufilimu. Wina amasuzumira mtengo n'kuloza botolo lodulalo. Wina amangoti "chilichonse", kenako usiku wonse n'kumameza chinthu chosamukomera uku akumwetulira.

Ine ndimasankha Shiraz, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Komabe cholinga changa si kukopera anthu kwa Shiraz. Ndikuteteza ufulu woti munthu asankhe ndi lilime lake, komanso udindo umene umabwera ndi ufuluwo, womwe ndi kuliphunzitsa lilimelo kuti lizitha kunena chimene lamva. Inu amene simumwa mowa musathawe. Sindikukopa aliyense kuti ayambe, ndipo bungwe la World Health Organization linanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti suvulaza thupi. Koma funso loti "ndakonda ndine, kapena andiuza kuti ndikonde?" limatikhudza tonse, akumwa ndi osamwa omwe.

Tiyambe ndi chimene mitundu iwiriyi ikufanana. Yonse ili m'gulu la vinyo wofiira wolemera m'kamwa. Kulemera kumeneku si kwa pasikelo ayi. Ganizirani kusiyana kwa madzi ndi thobwa mukazisunga pang'ono palilime: madzi amangodutsa, pamene thobwa limadzaza m'kamwa monse ndipo limachedwa kuchoka. Vinyo wolemera ali kumbali ya thobwa. Chimodzi chochititsa ndi mphamvu ya mowa, imene kawirikawiri imakhala pakati pa 13.5 ndi 15 peresenti. China ndi zinthu zochokera m'makoko a mphesa. Madzi a mphesa zimenezi si ofiira ngakhale mphesazo ndi zakuda. Kufiirako kumachokera m'makoko amene amasiyidwa momwemo pamene madziwo akusasa n'kusanduka vinyo.

Makoko omwewo pamodzi ndi njere amatulutsa tanini. Dzinalo likhoza kukhala lachilendo, koma chinthucho mumachidziwa. Ngati munalumapo nthochi yosapsa, kudya jambula, kapena kumwa tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka, munamva lilime ndi nkhama zikuuma n'kuyamba kukhakhala. Ameneyo ndi tanini. Amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera. N'chifukwa chake mkaka umafewetsa tiyi, ndipo nyama yonona imafewetsa vinyo wofiira: tanini amakhala wapeza zina zoti agwire m'malo mwa malovu anu. Mukamvetsa zimenezi ndiye kuti theka la mkangano wa Cabernet ndi Shiraz mwalimvetsa kale.

Kwawo kwa Cabernet Sauvignon ndi ku Bordeaux, kumwera chakumadzulo kwa France, makamaka dera la Médoc komwe nthaka yake ndi ya timiyala. Mphesa zake ndi zazing'ono ndipo makoko ake ndi okhuthala, choncho tanini amachuluka. Mu 1997, Carole Meredith ndi John Bowers a ku University of California, Davis, anasindikiza kafukufuku wa DNA wosonyeza kuti makolo a mphesa imeneyi ndi Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc. Ndiye kuti mphesa yotchuka kwambiri yopangira vinyo wofiira ili ndi kholo limodzi loyera. Mukamununkhiza Cabernet mumamva zipatso zakuda, nthawi zina ndi kafungo ka pensulo yosongoledwa kumene. Ngati mphesazo zinakulira kozizira kapena sizinapse kwenikweni, pamabweranso kafungo ka tsabola wobiriwira wosawawa uja timaika mu ndiwo. M'kamwa amakhala wolimba, wowawasa pang'ono, ndipo mukameza amasiya nkhama zitauma. Wabwino amatha kusungidwa zaka 10, 20 kapena kuposerapo, tanini n'kumafewa pang'onopang'ono. Akadali wamng'ono amakhala waukali, moti ku Bordeaux komweko amamusakaniza ndi mphesa zina monga Merlot kuti afatse.

Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi yokhala ndi mayina awiri. Kwawo ndi kumpoto kwa chigwa cha mtsinje wa Rhône, ku France komweko, m'mapiri otsetsereka a Hermitage ndi Côte-Rôtie. Kwa nthawi yaitali anthu ankakamba kuti inachokera ku mzinda wa Shiraz ku Persia, dziko limene lero ndi Iran. Nthanoyo ndi yokoma, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kafukufuku wa DNA anaitsutsa. Makolo ake ndi Dureza ndi Mondeuse Blanche, mphesa ziwiri zosatchuka za kumwera chakum'mawa kwa France. Mu 1832 James Busby anafikitsa nthambi zake ku Australia, ndipo kumeneko, m'madera otentha monga Barossa Valley, inapeza khalidwe lina: zipatso zakupsa kwambiri, mowa wamphamvu, ndi tanini wofewerapo. Vinyo wotchuka kwambiri wa dzikolo, Penfolds Grange, amene Max Schubert anayamba kumuyesera mu 1951, ndi wa mphesa imeneyi makamaka. Masiku ano opanga ambiri akalemba Syrah pabotolo amakhala akulozera ku kapangidwe ka ku Rhône, kouma ndi konunkhira tsabola wakuda. Akalemba Shiraz amakhala akulozera ku kapangidwe ka ku Australia, kodzaza ndi zipatso. Ndi chizolowezi chabe osati lamulo, koma chimathandiza pogula.

Kwa ife a kuno, France ndi Australia zili kutali, ndipo mabotolo ambiri amene timawaona m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka amachokera ku Western Cape ku South Africa. Kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Lero Stellenbosch imadziwika ndi Cabernet, pamene Swartland yatchuka ndi Syrah, ndipo opanga ambiri amatulutsa mitundu yonse iwiri pamtengo wofanana. Umenewu ndi mwayi kwa munthu wofuna kuyerekeza, chifukwa mtengo sungamusankhire.

Mwachidule, Cabernet ndi wolimba, wouma m'kamwa, wofuna kudikirira. Shiraz ndi wonona, wa zipatso zakupsa, wa tsabola ndi kautsi. Tsono wabwino ndi uti? Ife a maphunziro a mbiri, filosofi ndi zolembalemba tili ndi chonena apa, chifukwa funsoli ndi lakale kuposa mabotolo onse a m'sitolo.

Mu 1757 David Hume analemba nkhani yotchedwa Of the Standard of Taste, yofunsa ngati pali muyeso wa kukoma kapena aliyense ali ndi wake. M'menemo anabwereka kankhani ka Sancho Panza ka m'buku la Don Quixote. Abale awiri a Sancho anapemphedwa kulawa vinyo wa mumgolo wina. Woyamba anati ndi wabwino, kungoti akumveka kachikopa. Wachiwiri anati ndi wabwino, kungoti akumveka kachitsulo. Anthu anawaseka onse awiri. Koma mgolo utatha, pansi pake panapezeka kiyi wakale womangidwa kachingwe kachikopa. Mfundo ya Hume inali yakuti mu tambula mumakhala zinthu zenizeni, ndipo lilime lozolowera, loyerekeza zambiri komanso lopanda tsankho limazipeza. Choncho amene amati "kukoma n'kwa mwini" n'kuthera pomwepo amakhala wathawa ntchito. Tanini wa Cabernet ndi weniweni. Tsabola wa Shiraz ndi weniweni. Munthu akhoza kuphunzira kuzizindikira monga mmene timaphunzirira kusiyanitsa ndakatulo yabwino ndi yongolumikiza mawu.

Mbali ina kuli Pierre Bourdieu, katswiri wa ku France wa za chikhalidwe cha anthu, amene mu 1979 anatulutsa buku lotchedwa La Distinction. Iye anasonyeza kuti zimene timati "ndimakonda" nthawi zambiri zimatsatira banja limene tinakuliramo, sukulu imene tinaphunzira ndi gulu la anthu limene tikufuna kuwerengedwa nalo. Vinyo ndi chitsanzo chosavuta. Mndandanda wotchuka wa vinyo wa ku Bordeaux unakonzedwa mu 1855 chifukwa cha chionetsero chachikulu cha ku Paris m'nthawi ya Napoleon III, ndipo anausanja potengera mbiri ya minda ndi mitengo ya pamsika. Mpaka lero mndandandawo sunasinthe kwenikweni, ndipo ulemu umene dzina la Cabernet limanyamula unachokera kumeneko mwa zina.

Umboni woti dzina ndi mtengo zimalowerera pa lilime ulipo. Mu 1976 ku Paris, wamalonda wa ku Britain Steven Spurrier anakonza mpikisano umene akatswiri a ku France analawa vinyo osaona mabotolo. Pa vinyo wofiira anapambana ndi Cabernet wa ku California, Stag's Leap Wine Cellars wa 1973, kuposa mayina akuluakulu a ku Bordeaux. Mu 2001 ku Bordeaux, Frédéric Brochet ndi anzake anapatsa ophunzira za vinyo 54 vinyo woyera wothiridwa mtundu wofiira wopanda fungo, ndipo ophunzirawo anamufotokoza ndi mawu a vinyo wofiira. Mu 2008 Hilke Plassmann ndi anzake ku California anamwetsa anthu vinyo mmodzi yemweyo kawiri, kamodzi akuwauza kuti ndi wa madola 90, kenako kuti ndi wa madola 10. Anthuwo anati wodulayo ndi wokoma kwambiri, ndipo makina ounikira ubongo anasonyeza kuti mbali yokhudzana ndi chisangalalo inagwiradi ntchito kwambiri. Sankanama. Mtengo unawakometseradi. Apa m'pamene pali choopsa: ukhoza kunamizidwa popanda wina wokunamiza, iwe mwini n'kumakhulupirira kuti wasankha wekha.

Pali chinthu chachitatu chimene chiyenera kutichititsa kudzichepetsa tonse. Mu 2008 akatswiri a Australian Wine Research Institute anapeza kuti fungo la tsabola mu Shiraz limachokera ku kachinthu kotchedwa rotundone, komwe kamapezekanso mu tsabola wakuda weniweni. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse sakamva konse, ngakhale katachuluka. Ndiye kuti anthu awiri oona mtima akhoza kumwa m'botolo limodzi, wina n'kumva tsabola, wina osamva kanthu, popanda wonama kapena mbuli pakati pawo.

Ndikaika zonsezi pamodzi ndimaona kuti posankha pamakhala mawu atatu. Pali zimene zili mu tambula. Pali thupi lanu ndi zimene limatha kumva. Ndiye pali zimene mwauzidwa ndi lebulo, mtengo, ndi anthu amene mukufuna kuwasangalatsa. Mawu awiri oyambawo ndi oyenera kuwamvera. Achitatuwo ndi amene tiyenera kuwatontholetsa, ngakhale kwa mphindi khumi zokha.

Chimodzi chimene chimatilepheretsa ndi chilankhulo cha kumbuyo kwa botolo. Amalemba za blackcurrant, za cedar, za violet, zinthu zimene ambiri aife sitinazidyepo kapena kuzinunkhiza. Tikalephera kuzipeza timaganiza kuti vuto ndi lilime lathu. Koma mawu amenewo ndi mafanizo chabe, otengedwa m'minda ndi m'makhitchini a ku Ulaya. Ifenso tili ndi athu. Ine mu Shiraz ndimamva mabulosi akupsa kwambiri, aja amadetsa zala, ndi kafungo ka nyama yowamba. Mu Cabernet ndimamva jambula, ndi fungo la thabwa la mkungudza, ndi tiyi wa ku Thyolo amene wakhalitsa mu ketulo. Fanizo lililonse limene likukuthandizani kukumbukira chimene mwamva ndi lolondola. Lilime limaphunzira msanga likamalankhula chilankhulo chake.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama zambiri ngati muli gulu. Ife tinasonkherana anthu asanu ndi mmodzi a m'kalasi imodzi, n'kugula mabotolo awiri a wopanga mmodzi, a chaka chimodzi, pamtengo wofanana. Botolo la mamililita 750 limakwana matambula asanu abwinobwino, ndipo polawa pamangofunika pang'ono, choncho zinatikwanira. Mnzathu wina amene samwa anakulunga mabotolowo m'nyuzipepala n'kukhala wothira, ndipo anasangalala ndi udindowo kuposa tonse. Tinawaziziritsa kaye m'firiji pafupifupi mphindi 30. Langizo loti vinyo wofiira amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda linachokera kumayiko ozizira, ndipo limatanthauza madigiri 16 mpaka 18. M'chipinda cha hositelo mwezi wa Okutobala vinyo wolemera amangomveka mowa wotentha pakhosi. Aliyense ananunkhiza, kulawa, n'kulemba mawu atatu papepala asanamve za mnzake. Kenako tinalawanso ndi nyama yootcha. Nyuzipepala tinaichotsa pamapeto penipeni.

Sitinagwirizane, ndipo n'chimene chinandisangalatsa. Mnzanga wina wa filosofi, amene tiyi amamwa wopanda shuga ndi mkaka, anasankha Cabernet mosazengereza. Anati Shiraz akumukumbutsa jamu, ndipo akufuna chakumwa chomusiya m'kamwa moyera. Wina anati tsabola amene ena tikumutchula sakumumva n'komwe. Winanso anati onse awiri ndi owawa ndipo abwerera ku vinyo wake wotsekemera, ndipo panalibe womuseka, chifukwa ananena zimene anamva. Nyama itabwera, awiri anasintha maganizo n'kupita kwa Cabernet. Ndinamvetsa, popeza mafuta a nyama anamufewetsadi moti anakhala ngati vinyo wina.

Ine ndinakhala kwa Shiraz, ndipo zifukwa zanga ndi zitatu. Choyamba ndi nthawi. Ulemerero wa Cabernet umaoneka akasungidwa zaka pamalo ozizira, ndipo ine ndilibe malo otero, ndilibenso ndalama zogulira botolo loyenera kusungidwa. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wophunzira wogula botolo lotsika mtengo akadekha nalo amangoliwonongetsa ndi kutentha. Pa mitengo imene ife tingaifikire, Cabernet nthawi zina amakhala wokhakhala kapena wonunkhira masamba, pamene Shiraz amapereka zonse ali nazo tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi chakudya. Ndimakonda kanyenya wa mbuzi, wamchere, wonunkhira makala, ndipo utsi ndi tsabola za Shiraz zimayenda naye limodzi ngati anabadwira m'nyumba imodzi. Chachitatu n'chakuti ndili m'gulu la anthu amene rotundone amamumva bwino, ndipo fungo limenelo limandisangalatsa. Chifukwa chomalizachi sindingachipereke kwa munthu wina, ndi cha mphuno yanga.

Ngakhale ndi choncho, pali masiku a Cabernet. Pa nyama ya ng'ombe yonona, yophikidwa nthawi yaitali, kulimba kwake kumadula mafuta bwino kuposa Shiraz wofewa. Palinso zakudya zimene onse awiri sagwirizana nazo. Ndiwo zothira kambuzi wambiri zimayaka kawiri zikakumana ndi mowa wamphamvu ndi tanini. Chambo nachonso chimaphimbika ndi vinyo wolemera, ndipo nthawi zina pamabwera kakomedwe kachitsulo. Kudziwa pamene chinthu chimene umachikonda sichikuyenera ndi mbali ya kuchidziwa.

Wina akhoza kunena kuti mkanganowu ndi wosafunika, popeza awiriwa amasakanizidwa. N'zoona. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 amalonda ankathira vinyo wa ku Hermitage mu wa ku Bordeaux kuti amulimbitse m'zaka zimene mphesa sizinachite bwino, ndipo ku Australia kusakaniza Cabernet ndi Shiraz ndi mwambo wokhazikika. Botolo lotero ndi lokoma ndithu. Koma munthu amene sanalawepo aliyense payekha sangadziwe chimene wina wabweretsa ndi chimene mnzake wabisa. Kuthawira ku chosakaniza chifukwa choopa kusankha n'kofanana ndi kuyankha kuti "chilichonse".

Wina akhozanso kufunsa kuti, m'dziko limene anzathu ena akusiya sukulu chifukwa chosowa fizi, kukambirana za vinyo si kudzionetsera? Funsolo ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Botolo limodzi likhoza kudya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo, ndipo kwa ambiri aife ndi chinthu cha apo ndi apo. Koma n'chifukwa chomwecho ndikuona kuti kugula pofuna kuoneka n'kutaya kawiri: ndalama yapita, kukoma osakupeza. Komanso chizolowezi chimenechi sichithera pa tambula. Wophunzira amene amati amakonda Cabernet chifukwa ndi amene akuluakulu amamwa, ndi yemweyo amene m'kalasi amayamikira buku limene silinamufike pamtima chifukwa aphunzitsi analitchula ndi ulemu. Tikamaliza maphunziro tidzalowa m'maofesi ndi m'misonkhano momwe kuvomereza zimene wamkulu wakonda kudzakhala kophweka kuposa kunena zimene taona. Kuyeserera pa chinthu chaching'ono, pomwe palibe amene angakuchotse ntchito, ndi maphunziro otsika mtengo.

Sindikulonjeza kuti ndidzakhala wa Shiraz mpaka kalekale. Lilime limasintha. Mwana amene amalavula ndiwo zowawa amadzakula n'kumazifunafuna pamsika, ndipo mwina ndikadzakhala ndi zaka 40, ndi nyumba yozizira, kuuma kwa Cabernet kudzandikomera. Kusintha kotero ndidzakulandira ngati kudzachokere m'kamwa mwanga. Pakadali pano ine ndi mnzanga wa filosofi uja timagula mosinthana tikapeza kangachepe: ulendo uno wake, ulendo wina wanga. Iye amanenabe kuti wanga ndi jamu, ine ndimanenabe kuti wake ndi tiyi wa dzulo, ndipo aliyense amatha kuloza chimene mnzake akunena mu tambula.